Mubwerere ku Inhaca, koma muyambe mwaona mwezi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Angónia. Akuti ali mtsikana, akuphunzira pa yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo, ankapita ndi anzake pachilumba cha Inhaca n'kumagona pamalo ofufuzira zamoyo za m'nyanja. Pano akufuna apiteko ndi ana awo, koma akuopa kukapeza zonse zitasintha. Akufunsa ngati ndi bwino kubwerera, komanso nthawi yabwino.

Mayi, pitani. Malo aja, Estação de Biologia Marítima da Inhaca, adakalipo. Adatsegulidwa mu 1951 nthawi ya Apwitikizi, ndipo akadali m'manja mwa yunivesite yanu yomwe ija. Kanyumba kosungiramo zigoba za nkhono, mafupa ndi nsomba za m'mabotolo nakonso alendo amaloledwa kukaona. Zina zasintha ndithu. Mu 2009 madzi ozungulira chilumbachi adalowa m'dera lotetezedwa la Ponta do Ouro, ndipo mu 2021 deralo adaliphatikiza ndi nkhalango ya njovu ya kumtunda n'kupanga Parque Nacional de Maputo. Choncho musadabwe akakuuzani kuti pali kolipira, kapena kuti chigoba chokongola mwatolacho muchisiye pomwepo.

Koma nkhani yaikulu ndi ya tsiku lonyamukira, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri akwathu amaphonya. Ife tidazolowera nyanja ya Malawi, imene pamene mwaisiya m'mawa ndi pamene muipeze madzulo. Ya mchere siitero. Imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo imaphwa kwambiri masiku oyandikana ndi mwezi wathunthu kapena mwezi ukakhala mumdima. Masiku amenewo kusiyana kwa madzi ku gombe la Maputo kumafika mamita 3, ndipo mbali ya kumadzulo kwa Inhaca, kumene kuli malo ofufuzirako, nyanja imathawa n'kusiya bwalo lalikulu la mchenga, matope ndi udzu wa m'madzi. Mwayi wake, kuphwa kwakukuluko kumachitika dzuwa litakwera, chakumasana, nthawi yoti ana adya kale phala.

Ndikukhulupirira kuti chimene mudachikonda muli mtsikana ndi bwalo limeneli, osati zipupa za nyumba zija. M'timadziwe totsalira mumakhala nkhanu, nkhono, tinsomba tobisala ndi tizilombo tooneka ngati nyenyezi. Amayi a pachilumbapo, olankhula Chironga, amatsika ndi zidebe kukatola ndiwo, ndipo ofufuza amatsikanso nthawi yomweyo ndi zingwe zawo zoyezera. Mukafika sabata yolakwika, mwezi uli theka, madzi sapita patali. Mudzangoona nyanja wamba n'kumati chilumba chidatha, chonsecho mwangophonya masiku. Pa intaneti pali ndandanda wa mafunde a ku Maputo. Lembani tábua de marés, musankhe masiku amene madzi atsike kwambiri, kenako mufunefune boti.

Za miyezi ndi izi. Kuyambira Julaye mpaka Okutobala anangumi amadutsa kunja kwa chilumbachi, mbali ya kum'mawa, ndipo nyengo imakhala yozizira bwino. Akamba a m'nyanja amakwera kudzaikira mazira usiku m'miyezi yotentha, kuyambira cha mu Okutobala. Ine ndi ana ndingasankhe Seputembala. Palinso nyama ina yodya udzu wa pansi pa madzi, dugong, imene alendo amafunsa kawirikawiri. Yatsala yochepa kwambiri m'derali, ndiye ana musawalonjeze.

Ulendo wa pamadzi kuchokera ku Maputo ndi wa makilomita opitirira pang'ono 30. Mphepo ya kum'mwera ikayamba, madzi amawinduka ndipo maboti amatha kulephereka, choncho musakonze zobwerera tsiku lomwelo limene mukukwera basi kapena ndege ya ku Tete. Siyani tsiku limodzi lapadera. Ana muwagulire nsapato zolowa nazo m'madzi, chifukwa pansi pali zigoba zakuthwa ndi tizilombo taminga. Akafuna kusambira n'kumaona nsomba za m'matanthwe a korali, pali Barreira Vermelha, pansi pa zitunda zofiira zija, ndi Ponta Torres kum'mwera. Koma pampata wa Santa Maria, pakati pa chilumbachi ndi dera la kumtunda la Machangulo, madzi amakoka mwamphamvu zedi, mwana asalowe yekha ngakhale atakhala katswiri.

Za kogona, lemberani kalata a pamalo ofufuzirawo nthawi ikadalipo, ndipo mutchule kuti mudaphunzira pa Eduardo Mondlane. Paja ndi pantchito, magulu a ophunzira akabwera zipinda zimadzaza. Zikakanika, kumudzi pafupi ndi pokocheza maboti kuli nyumba za alendo, ndipo mukhoza kumayenda wapansi m'mbali mwa gombe madzi akaphwa, bola mubwerere asanayambe kudzaza.