Vuto lili kumanzere kwa mutu, nanga dzanja lamanja lafooka bwanji?

Achemwali a ku Mufakose ku Harare, pepani ndi matenda a bambo. Mwafunsa kuti zikutheka bwanji adokotala kunena kuti sitiroko yagwira kumanzere kwa mutu pomwe lafooka ndi dzanja lamanja, ndiponso kuti m'mutumo muli chiyani kwenikweni. Adokotalawo sanasokoneze ayi.

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4. Magawo atatu mwa anayi ndi madzi, kwinako makamaka mafuta ndi mapuloteni. M'menemo muli maselo otumiza mauthenga, manyuroni, pafupifupi 86 biliyoni. Selo lililonse lili ndi tinthambi tambirimbiri tolandirira uthenga, ndi kachingwe kamodzi kotumizira. Uthengawo ndi magetsi ochepa zedi, amene amayambika timchere ta sodiyamu tikamalowa m'selo, ta potaziyamu n'kumatuluka. Tizingwe tambiri timakutidwa ndi mafuta ngati waya wa ayironi wokutidwa ndi pulasitiki, ndipo m'tizingwe totere uthenga umatha kuthamanga mamita 120 pa sekondi imodzi. Chimene chimandizizwitsa ine n'chakuti maselowa sagundana. Pakati pawo pali kampata, magetsi akafika pamenepo selo limatulutsa timankhwala towolokera kwa linzake.

Tsono tizingwe tolamula manja ndi miyendo timapingasana m'munsi mwa ubongo, cha kunkhongoku. Ta kumanzere timapita kumanja, ta kumanja timapita kumanzere. Dzanja la bambo lilibe vuto, uthenga ndi umene sukufika. Ngati kuyankhula nakonso kwavuta musadabwe, chifukwa kwa anthu ambiri mawu amakonzedwa kumanzere komweko. Mu 1861 dokotala Paul Broca wa ku Paris anali ndi wodwala amene ankamva zouzidwa koma pakamwa pake pankangotuluka liwu limodzi, "tan". Atamwalira anapeza kuti ubongo wake unawonongeka kumanzere.

Ubongo umadya kwambiri: ndi 2 peresenti chabe ya thupi koma umatenga 20 peresenti ya okosijeni. Mtsempha wa magazi wa mu ubongo ukatseka kapena kuphulika, yomwe ndi sitiroko ija, maselo amayamba kufa m'mphindi zochepa. Akufawo sabwereranso, koma otsala amaphunzira kulumikizana mwatsopano akamagwiritsidwa ntchito, n'chifukwa chake mafizo, masewera olimbitsa ziwalo zofooka amene achipatala amaphunzitsa, si ojomba. Musamawachitire zonse powamvera chisoni. Supuni azigwira okha, phala likatayikira pamalaya muchapa.

Mankhwala a BP asadumphitse. Mukaona pakamwa papotokanso kapena mawu akulemera, musadikire kuti kuche, pezani galimoto muthamangire ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe nthawi yomweyo.