Kodi Twilight inabera nkhani ya The Vampire Diaries?

Mwafunsa ngati Stephenie Meyer, wolemba buku la Twilight, anabera nkhani ya L.J. Smith, wolemba The Vampire Diaries, popeza m'mabuku onse awiri mtsikana wa kusekondale amakondana ndi mnyamata woyamwa magazi amene amadziletsa kupha anthu n'kumadalira magazi a nyama. N'zoona kuti buku la Smith linatuluka mu 1991 pomwe Twilight inabwera mu 2005, koma kutsogola pakokha si umboni woti wam'mbuyo waba.

Kwa ine, kufanana kodabwitsa kuli m'buku la Charlaine Harris la mu 2001, Dead Until Dark, momwe Sookie amamva maganizo a anthu koma osati a Bill, woyamwa magazi amene amamukonda. Mu Twilight zinatembenuka, chifukwa Edward, woyamwa magazi, ndiye amamva maganizo a aliyense kupatula a Bella, mtsikana amene akukondana naye.

Nkhani zotere zinafikapo kukhoti. Mu 2009 Jordan Scott anasumira Meyer ku California ponena kuti Breaking Dawn, buku lachinayi la nkhani ya Twilight, inatengera buku lake, The Nocturne, makamaka pa zaukwati ndi mimba yoika moyo pachiswe. Woweruza anathetsa mlanduwo chaka chomwecho, pakuti lamulo la ku America limateteza kalembedwe ndi tsatanetsatane wa nkhani, osati ganizo lokha limene wolemba aliyense angaligwiritse ntchito.