Prinita yanu sinafe, Mayi

Sabata ino ndalandira imelo yochokera ku Ngabu. Mayi wina wa shopu ya fotokope akuti prinita yawo imagwira bwinobwino pa kompyuta yakale ya Windows 7, koma akailumikiza ku laputopu ya Windows 11 yomwe mwana wawo watumiza kuchokera ku Johannesburg, zii. Akufunsa ngati aitaye.

Mayi, mwanditokosa pachilonda. Zaka zapitazo ndinali ndi sikana pa kaofesi kanga ku Nchalo. Nditasintha kompyuta inangoti duu. Ndinaikulunga m'chitenje, kuikweza pa kabaza mpaka pa siteji, kenako minibasi, kudutsa pa Thabwa, kukwera zitunda zonse zija nditaifungatira ngati khanda. Unali mwezi wa Okutobala, kotentha kuja mukukudziwa. Ku Limbe mnyamata wokonza makompyuta anailumikiza ku kompyuta yake yakale, nyali inayaka, galasi linayenda. Anaseka: "Bambo, iyi ndi yamoyo kuposa inuyo. Driver wake ndi wa 32-bit basi." Ndalama ya thiransipoti inapita, tsiku lonse linapita, ndinabwerera nacho chinthu chomwe sichinadwale n'komwe.

Driver ameneyu si dalaivala wa minibasi ayi. Ndi kapulogalamu komasulira, ngati uja amaima pambali pa abusa kusandutsa Chichewa kukhala Chisena. Amene amakalemba kawirikawiri ndi kampani yopanga chipangizocho. Windows ikasintha, pamafunika munthu wokakonzanso, kukayesa, n'kukadinda siginecha kuti Windows ikalole. Windows yakale inkabwera m'mitundu iwiri, 32-bit ndi 64-bit, koma Windows 11 ilipo ya 64-bit yokha, ndiye womasulira wa 32-bit salowa pakhomo. Kampani ikaona kuti prinita ija inasiya kuigulitsa kalekale, siilipiranso munthu woti achite ntchitoyo.

Poyamba ndinkati n'zomveka, ntchito imafuna malipiro. Pano ndimakwiya. Amene amasankha tsiku lopumitsa driver amaganizira anthu osintha makina zaka zitatu zilizonse, pomwe makina amene iwo ataya ndi omwe amafika kuno pa kaunjika, ife n'kuwatcha atsopano. Microsoft, kampani yopanga Windows, inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 January 2020, Windows 10 pa 14 October 2025. Pitani m'mashopu a ku Bangula ndi Nsanje mukaone zomwe zikusindikiza makalata ofunsira ntchito. Mnzanga wina nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023 anapachika prinita yake kudenga, matiresi n'kuwasiya m'madzi. Prinitayo ilipobe mpaka lero.

Achinyamata ena andiuza kuti ingoikani Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Inde, kumeneko zipangizo zakale zimakhalitsa, koma nakonso anthu amatopa. Mu 2019 Linus Torvalds, yemwe anayambitsa Linux, analemba kuti driver wa madisiki akale otchedwa floppy ndi wamasiye, poti womusamalira analibenso makina oyesera. Debian 13, mtundu wina wa Linux womwe unatuluka mu 2025, ilibenso njira yoiikira pa ma PC akale a 32-bit. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Linux wina wofuna atha kumutola mwana wamasiyeyo, chifukwa zolemba zake zili poyera.

Ndiye mutani?

Musataye. Onani nambala ya modelo kumbuyo kwa prinita, mufufuze pa tsamba la kampani yake ngati pali driver wa 64-bit, ngakhale wolembedwa kuti Windows 10, chifukwa ambiri amagwira pa 11. Masamba ena odzadza mabatani a Download muwathawe, muli mavairasi. Akasowa, kompyuta yakale ija ikhale ya prinita basi: muichotse pa intaneti, mafayilo muzitenga pa flash mutawasandutsa PDF. Driver wakaleyo mumukopere pa maflash awiri, imodzi muisunge kunyumba pamalo okwera.

Sikana yanga ija ndinapatsa mphwanga wa ku Chikwawa pamodzi ndi kompyuta yake. Akuigwiritsabe ntchito, ngakhale fani yake imalira ngati chigayo.