Kodi kuthira munthu madzi kumaso pomufunsa mafunso n'kungomuopseza?

Wowerenga wina wanditumizira imelo iyi: "Ndamva kuti akazitape a ku America ankathira madzi kumaso anthu oganiziridwa uchigawenga kuti aulule, njira yomwe amati waterboarding. Mnzanga akuti n'kuopseza chabe, munthu savulala, ndipo amanena zoona. N'zoona zimenezi?"

Achimwene, mnzanuyo waphonya konsekonse.

Munthu amamangidwa chagada pa thabwa, mutu uli m'munsi, miyendo m'mwamba. Amamuphimba nsalu kumaso n'kumathira madzi pansalupo. Nsalu ikanyowa imamatirira pamphuno ndi pakamwa, madzi amalowa mpaka kukhosi, mpweya osadutsa. Munthuyo amakhala akumira ndithu, kungoti omuzunzawo amaleka asanafe, kenako n'kuyambiranso. Ngakhale atamuuza kuti samupha, thupi silimva zimenezo. Limaphiriphitha, limasanza, mtima umagunda mothamanga.

Ngozi zake n'zambiri. Madzi kapena masanzi akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo. Kholingo likhoza kudzitseka lokha n'kukana kutseguka ngakhale madzi atasiya kuthiridwa. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi zochepa umawonongeka osachiranso, ndipo wodwala mtima akhoza kufera pomwepo. Ena amavulala mafupa polimbana ndi zingwe. Bala lalikulu limatsala m'maganizo: maloto oopsa, kusowa tulo, kuopa madzi kwa zaka zambiri. Omwe amakonda njirayi amaikondera chakuti siisiya zipsera zooneka.

A CIA eni ake, omwe ndi bungwe la akazitape la America, ankadziwa zonsezi. N'chifukwa chake pamalopo pankakhala achipatala, ndipo akaidi ankapatsidwa zakudya zamadzimadzi kuti asatsamwe ndi masanzi. Inu ganizani, chinthu chongoopseza chingafune dokotala pambali?

Zigawenga zitaphulitsa nyumba ku New York pa 11 September 2001, boma la George W. Bush linaloleza njirayi. Abu Zubaydah, mmodzi mwa oganiziridwa uchigawenga, anathiridwa madzi maulendo 83 mu August 2002 kundende yachinsinsi ku Thailand. Lipoti la komiti ya Senate (nthambi ya nyumba ya malamulo ya America) lomwe linatuluka mu December 2014 limati tsiku lina anakomokeratu, thovu likutuluka m'kamwa modzaza madzi. Khalid Sheikh Mohammed, yemwe akuti ndiye anakonza chiwembu chija, anathiridwa maulendo 183 mu March 2003. Si America inayamba zimenezi: a Khmer Rouge, omwe ankalamulira dziko la Cambodia, ankachita zomwezo kundende ya Tuol Sleng m'zaka za m'ma 1970.

Tsono pa nkhani youlula zoona. Munthu amene akumira amalankhula, inde, koma amalankhula chilichonse chimene akuganiza kuti chiimitsa madziwo. Khalid Sheikh Mohammed anapeka nkhani yoti anatuma munthu kukakopa Asilamu achikuda m'chigawo cha Montana ku America kuti alowe uchigawenga, apolisi n'kutaya nthawi kufufuza za bodza. Komiti ija inapeza kuti nkhanzazi sizinali njira yothandiza kupeza mfundo zodalirika. Akuluakulu ena akale a CIA amatsutsa mpaka lero, amati zinapulumutsa miyoyo. Ine sindikhutira nawo: njira yomwe imagwira ntchito siingafunike kubwerezedwa ka 183 pa munthu mmodzi.

Pangano la United Nations loletsa kuzunza anthu la 1984 silipereka mpata ngakhale pa nthawi ya nkhondo, ndipo limakana umboni wopezeka mozunza munthu. Barack Obama analetsa njirayi mu January 2009 atangolowa m'boma. Koma mavuto ake anatsala. Patatha zaka zoposa 20 chigwidwireni ku Pakistan, Khalid Sheikh Mohammed anali adakali kundende ya asilikali a America ku Guantánamo, pachilumba cha Cuba, mlandu wake usanazengedwe, ndipo chimodzi mwa zomwe zauchedwetsa ndi mkangano wa maloya woti mawu ake angakhulupiriridwe bwanji pambuyo pa nkhanza zija.