Kodi laputopu ya sukulu ikumuzonda mwana wanga?

FUNSO: Zikomo a Mlangizi. Ndimakhala ku Leeds, ku England, ndipo mwana wanga wamkazi wa zaka 13 anapatsidwa laputopu kusukulu. Sabata yatha aphunzitsi anandiimbira foni kuti usiku ankafufuza za mankhwala ochepetsa thupi. Chonsecho anali kuchipinda kwake, chitseko chotseka! Anadziwa bwanji? Mayi wodandaula.

YANKHO: Mayi, mtima wanu wagunda pomveka. Ku England, malangizo a boma otchedwa Keeping Children Safe in Education amauza sukulu kuti zizisefa ndi kuyang'anira zomwe ana amachita pa makina a sukulu. Pulogalamu yoyang'anira imene amaika m'makinawo ikagwira mawu okayikitsa imadziwitsa aphunzitsi, ngakhale makinawo ali kunyumba.

Koma kuyang'anira kuli ndi malire. Mu 2010, ku Lower Merion m'chigawo cha Pennsylvania ku America, zinaululika kuti kamera za malaputopu a sukulu zinajambula mwachinsinsi zithunzi masauzande ambiri za ana a sukulu, ena mwa anawo ali m'zipinda zogona. Ataona chithunzi cha mnyamata wina, a kusukulu anamunamizira kuti akumwa mankhwala ozunguza bongo, iye n'kunena kuti anali maswiti. Akuluakulu a sukuluzo analipira madola 610,000 kuti mlandu uthe. Ine nkhaniyi imandiwawabe mpaka lero.

Lemberani sukulu kalata, akuuzeni zenizeni zomwe amaona ndi amene amaziona. Kamera muimate ndi katepi, laputopu izigona pabalaza.

Ndipo madzulo ano khalani naye pansi mwanayo, osamukalipira. Mufunseni modekha amene wamuuza kuti thupi lake n'lalikulu.