Mukufuna abakha osowa? Tsatirani kumene kuli nyika

Mayi wina wa ku Chilomoni watilembera kalata pa imelo. Akuti wagula ma binoculars, magalasi oonera patali, ndipo akufuna kuona abakha am'tchire amene saonekaoneka. Funso lake ndi loti, kuchokera ku Blantyre apite ku Chilwa kapena ku Dambo la Njovu, mwezi uti, ndipo akonzekere bwanji.

Mayi, tiyambe ndi abakhawo, chifukwa ndi amene angakuuzeni kolowera. Pali mitundu iwiri imene anthu amaivutikira. Woyamba m'mabuku a mbalame amalembedwa kuti African Pygmy Goose, ngakhale si tsekwe weniweni. Ndi kabakha ka masentimita pafupifupi 30, kofiirira ngati lalanje m'nthiti, ndipo katambala kake kali ndi nkhope yoyera ndi banga lobiriwira kukhutu. Wachiwiri ndi White-backed Duck, wamawangamawanga abulauni, amene amakhala chomira pang'ono m'madzi ndipo akaopa amangobira m'malo mouluka. Dzinalo lisakupusitseni: msana woyerawo umaoneka akauluka basi. Inu muziyang'ana kadontho koyera patsinde pa mlomo.

Onse awiri amadya mbewu za nyika, zomera za masamba oyandama zija zimene anthu a ku Chigwa cha Shire amadya mizu yake nthawi ya njala. Choncho pamadzi oyera poteropo simungawapeze, ngakhale mutakhala tsiku lonse. Ali m'timaiwe tabata todzaza masamba a nyika, ndipo akakhala phee amafanana ndi tsamba lopindika.

N'chifukwa chake ife tikuti pitani ku Dambo la Njovu, pakati pa Chikwawa ndi Nsanje, limene linalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, mu 2017. Tsikani ndi msewu wa M1, mukafika pa Thabwa mukhotere kumanzere musanawoloke mlatho wa Shire, n'kutsata msewu wa East Bank. Ambiri amakwerera bwato pamudzi wa Mchacha James. Mbali ya kum'mawa kwa damboyi ili ndi ubwino umene anthu sauganizira: m'mawa dzuwa limakhala kumbuyo kwanu, ndiye mitundu ya nthenga imaoneka bwino.

Ku Chilwa n'kosiyana. Doko la Kachulu, makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Zomba, lili kumadzulo kwa nyanja, ndiye m'mawa mumayang'anizana ndi dzuwa ndipo bakha aliyense amangokhala chithunzithunzi chakuda. Komanso mbalame zakumeneko zimasakidwa kwambiri, choncho zimauluka mukadali patali. Sikuti kulibe phindu ayi. Ngati mukufuna magulu a abakha oimba mluzu, makamaka Fulvous Whistling Duck, Chilwa ndiye kwake. Kungoti funsani kaye za madzi, poti nyanjayi ndi yosaya ndipo inaphwapo mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Madzi amakhala akadalipo, msewu wauma, kunja sikunatenthe. Mu Okutobala kuchigwa kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo nthawi ya dzinja msewu wa East Bank umaduka. Mukhale m'bwato 6 koloko ya m'mawa isanakwane. Ikamati 9 koloko kamphepo kayamba, bwato likugwedera, ndipo nthunzi ya pamadzi imasokoneza zonse zakutali.

Pa ma binoculars, a 8x42, okulitsa ka 8, ndi okwana. Amene amakulitsa ka 10 kapena 12 amakulitsanso kugwedera kwa bwato, mutu n'kuyamba kuwawa. Akolowekeni m'khosi, ndipo foni ndi buku muike m'jumbo ya pulasitiki, chifukwa m'bwato losema pa mtengo simulephera madzi. Tengani madzi akumwa malita awiri kapena atatu munthu mmodzi, chipewa, ndi zovala zosawala.

Chimene chimalepheretsa ambiri ndi kusamvana ndi wopalasa. Iye anazolowera kufulumira kukafika kuukonde. Mugwirizane mtengo ndi maola musanakwere, mumuonetse chithunzi cha bakhayo, ndipo mumuuze kuti mukafika pa nyika asiye nkhafi, bwato liziyenda lokha. Musalunjike pa mbalame, dutsani cham'mbali. Dikirani mphindi 15 pamalo amodzi mukuyang'ana tsamba ndi tsamba, chifukwa amene anabira amatulukanso. Ngati njira yatsekedwa ndi namasupuni, musakakamize, iye akudziwa ina.

Dzanja musaviike m'madzi: muli ng'ona, mulinso likodzo. Wopalasa akanena kuti uko kuli mvuu, mverani.

Ngati simukufuna kuyamba nokha, funsani a bungwe loona za nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM, nthambi ya Blantyre, za maulendo awo oonera mbalame.