Mtsempha wa bondo waduka, kodi mapemphero apita pachabe?

Mdzukulu wanga, kalata yako ndaiwerenga kawiri. Ukuti wakhala ukumenya mpira kuyambira uli wamng'ono, sulowa m'bwalo usanagwade, ndipo chaka chino timu yaikulu inakuitana kuti ikakuyese. Kutatsala sabata ziwiri, mtsempha wa m'bondo unaduka. Lero ukuyendera ndodo, jezi yako wavala mnzako, ndipo ukufunsa kuti, "Agogo, ndinasala kudya, ndinapemphera usiku wonse, nanga Mulungu wandichitiranji zotere? Kutchalitchi ndizikatani?"

Lira kaye, mwana wanga, sindikuletsa. Davide, munthu wapamtima pa Mulungu, mu Salimo 13 akufunsa Yehova kuti adzamuiwala kufikira liti. Funso lakoli si tchimo. Chimene ndikukupempha n'chakuti ulifunse kwa Mwiniwakeyo, usalifunse utamufulatira.

Koma pali mawu amodzi m'kalata yako amene andikhudza. Walemba kuti "ndinachita mbali yanga." Pamenepo m'pamene pagona nkhani. Popanda kudziwa, unapangana ndi Mulungu ngati ochita malonda: ine ndipemphere, Inu mundipatse malo mu timu. Taganiza bwino. Masewera asanayambe, m'zipinda zonse ziwiri zovalira mumakhala anyamata ogwada, onse akutchula dzina la Yesu. Woyimbira akaliza wezulo yomaliza, ena akuvina, ena agwira m'mutu. Kodi ogonjawo Mulungu wawada? Ayi ndithu. Chikho sanalonjeze munthu aliyense.

Anyamata inu mumakonda kulemba Afilipi 4:13 pa nsapato ndi pa bandeji ya pamkono, kuti mungathe zonse mwa Iye wokupatsani mphamvu. Vesi labwino, koma bwerera m'mbuyo pang'ono uwerenge ndime 11 ndi 12. Paulo analemba kalatayo ali m'ndende, ndipo "zonse" zimene akunenazo ndi kukhuta ndi njala, kusefukira ndi kusowa. Vesilo si la tsiku logoletsa zigoli lokha. Ndi lakonso lero, pamene ukulephera kupinda mwendo. Paulo yemweyo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, ndipo sunachoke. Anangouzidwa kuti chisomo chimukwanira.

Ndikuuze za Eric Liddell, wothamanga wa ku Scotland. Pa masewera a Olympics a mu 1924 ku Paris, iye anakana kuthamanga mtunda wa mamita 100, umene ankaudziwa kwambiri, chifukwa mpikisano woyambirira unaikidwa Lamulungu. Anathamanga wa mamita 400 ndipo anatenga mendulo ya golide m'masekondi 47.6. Alaliki ambiri amathera pomwepa, mpingo n'kuwomba m'manja, ngati kuti phunziro n'lakuti ukalemekeza Mulungu golide ndi wako. Ine mbali imene imandigwira mtima ndi yotsatira. Mu 1925 anasiya kutchuka n'kupita ku China kukatumikira monga mmishonale. Mu 1943, nkhondo ili mkati, asilikali a Japan anamutsekera mumsasa wa Weihsien. Mkazi wake ndi ana anali kutali ku Canada. M'menemo ankaphunzitsa ana, kuwakonzera masewera, ndi kuthandiza okalamba. Anamwalira momwemo mu February 1945 ndi chotupa cha mu ubongo, ali ndi zaka 43, nkhondo itatsala miyezi yochepa kuti ithe. Mulungu amene anali naye pa bwalo la ku Paris ndi yemweyo anali naye kuseri kwa waya wamingaminga. Chikhulupiriro chake sichinali chopachikidwa pa mendulo, n'chifukwa chake mendulo itakhala kutali sichinagwe.

Tsopano za bondolo. Mvera dotolo. Mtsempha umenewo akaukonza pa opaleshoni, nthawi zambiri pamatenga miyezi 9 kapena kuposerapo kuti munthu abwerere m'bwalo, ndipo wothamangira amaudulanso. Pabwera anthu okuuza kuti utaye ndodozo uthamange mwachikhulupiriro. Usawamvere, kumeneko n'kuyesa Mulungu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Timasewera ting'onoting'ono ta fiziyo, kukweza mwendo kakhumi uli chagada popanda wokuchemerera, uzitichita mokhulupirika monga unkachitira pamaso pa kochi.

Sindikunamiza kuti udzabwereradi pamene unali. Ena amabwerera amphamvu kuposa kale, ena ayi, ndipo ine si mneneri. Ndikanakulonjeza, ndikanakhala ndikukumangira malonda ena atsopano ndi Mulungu, amene akadzalephereka udzagwa koposa lero.

Chimene ndikuopa kwambiri si bondo, ndi mtima. Mnzako wavala jezi yakoyo sanakulakwire. Nsanje imalowa mwakachetechete munthu ukakhala wekha m'chipinda, foni ili m'manja, ukuonera anzako akusangalala. Ukapezeka ukulakalaka kuti aphonye penate, gwada pomwepo umutchule dzina popemphera. N'zowawa, ndikudziwa.

Ndiye Lamulungu likubwerali pita kutchalitchi ndi ndodo zakozo, ngakhale nyimbo zikukanike kutuluka pakhosi. Ukhale pakati pa abale, uuze mmodzi amene umamukhulupirira zonse wandiuzazi. Timu yako ikamasewera, upite ukakhale pafupi ndi benchi, umugwire dzanja mnzakoyo asanalowe. Ukachita zimenezi undilemberenso, undiuze mmene bondo likupindikira.